Mafupa, Moto ndi Kampira: Mbiri ya Tauni ya St Andrews

 Nkhani yathu lero ikutitengera ku Scotland, dziko limene ambiri a ife tidayamba kulimva ku sukulu kapena ku tchalitchi chifukwa cha Dr David Livingstone ndi amishoni amene adabwera pambuyo pake. Koma sitiloŵa m'mizinda ikuluikulu ija ya Edinburgh ndi Glasgow. Tipita ku tauni ina yaing'ono ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere, kum'maŵa kwa dzikolo, m'chigawo cha Fife, yotchedwa St Andrews. Anthu ake safika 20,000. Sitima ya pamtunda siifikako, pakuti njanji yake idatsekedwa mu 1969. Kulibe mgodi, kulibe fakitale yaikulu, ndipo doko lake limangokwanira mabwato a asodzi. Nanga bwanji dzina la malo otere lidamveka pa dziko lonse?

Yankho lake ndi alendo. Kwa zaka mazanamazana tauni imeneyi yakhala ikudyera m'manja mwa anthu ochokera kutali. Oyamba adali kubwera kudzagwada pa mafupa a mtumwi. Amenewo ataleka kubwera, tauniyo idatsala pang'ono kufa, ndipo chimene chidaidzutsa ndi malo a mchenga amene mlimi aliyense adawakana.

Tiyambe taona mmene malowo adakhalira. Tauniyo ili pa mtunda wa miyala woyang'ana nyanja yotchedwa North Sea, ya madzi ozizira ndi mphepo yosaleka. M'mwezi wa Disembala dzuŵa limaloŵa 4 koloko isanakwane, pamene m'mwezi wa Juni kunja kumakhala kukuyerabe mpaka cha m'ma 10 koloko usiku. Pali misewu itatu yakalekale, North Street, Market Street ndi South Street, ndipo yonse imaloza kum'maŵa, kumalo amodzi, monga mmene tinjira ta m'mudzi timalozera ku chitsime. Mukautsata umodzi mwa misewuyo mpaka kumapeto, chimene mupeza ndi bwinja: zipupa zazitali zopanda denga, nsanja ya mamita 33, udzu ndi manda. Pamenepo mpamene padali tchalitchi chachikulu koposa zonse m'dziko la Scotland.

Dzina la tauniyo ndi la Andreya Woyera, msodzi wa ku Galileya, mbale wake wa Simoni Petro. Akhristu akale adali kunena kuti Andreya adaphedwera ku Patras, m'dziko la Greece, pa mtanda wonga chilembo cha X, ndipo mtanda woyera umene uli pa mbendera ya Scotland ndi womwewo. Tsono Greece ndi Scotland zidatalikirana kwambiri. Mafupa a Andreya adafika bwanji ku Fife? Nthano ya eni malowo imati munthu wina wa Mulungu, dzina lake Regulus kapena Rule, adauzidwa m'maloto kuti atenge ena mwa mafupawo apite nawo ku mathero a dziko. Adatenga zala zitatu, fupa la mkono, kafupa ka pa bondo ndi dzino limodzi. Chombo chake chidasweka pa miyala ya ku Fife, ndipo iye adaona kuti mathero a dziko aja ndi omwewo. Akatswiri a mbiri yakale saikhulupirira nthanoyi. Ena mwa iwo amaganizira bishopu Acca wa ku Hexham, kumpoto kwa England, munthu wokonda kusonkhanitsa mafupa a oyera, amene adapirikitsidwa pa mpando wake cha mu 732. Chimene chidalembedwa ndi chakuti mu 747 pamalopo padali kale nyumba ya amonke, ndipo dzina lake lidali Kilrymont.

Kaya mafupawo adali a Andreya kapena ayi, anthu adakhulupirira, ndipo chikhulupirirocho chidamanga tauni. Masiku amenewo Mkhristu wa ku Ulaya adali kuyenda miyezi kuti akapemphere pafupi ndi mafupa a woyera, pofuna kuchira nthenda kapena kukhululukidwa machimo, ndipo malo osunga mafupa a mmodzi mwa atumwi khumi ndi aŵiri aja adali oŵerengeka. Mfumukazi Margaret, amene adamwalira mu 1093, adaika bwato lowolotsa alendo otere pa madzi otambalala a Forth, ndipo madoko aŵiri a pamenepo akutchedwa Queensferry mpaka lero. Mlendo amafuna pogona, chakudya, nsapato zina m'malo mwa zothaitha, ndi kachizindikiro kopita nako kwawo. Ophika mkate, ofulula moŵa, osula zitsulo ndi asodzi onse adapeza podyera.

Ntchito yomanga tchalitchi chachikulu chija idayamba cha mu 1160, ndipo idatenga zaka zoposa 150. Mphepo ya mkuntho idagwetsa mbali ya kumadzulo ntchito ili mkati. Nkhondo ndi Angerezi nazo zidachedwetsa zinthu. Adachipatula pa 5 Julayi 1318, pamaso pa mfumu Robert the Bruce, patangopita zaka zinayi mfumuyo itagonjetsa Angerezi ku Bannockburn. M'litali mwake chidali mamita 119, kuposa bwalo la mpira wa miyendo. Mu 1472 Papa adakweza bishopu wa St Andrews kukhala bishopu wamkulu, mtsogoleri wa mpingo wonse wa m'dzikolo.

Yunivesite idabadwa m'mavuto a mpingo womwewo. Kufikira nthaŵi imeneyo mnyamata wa ku Scotland wofuna maphunziro apamwamba adayenera kupita kunja. Ku Oxford ndi ku Cambridge njira idali yovuta chifukwa cha nkhondo, choncho ambiri adali kupita ku Paris. Koma kuyambira mu 1378 mpingo wa ku Ulaya udagaŵikana, anthu aŵiri, kenaka atatu, aliyense akudzitcha Papa. Scotland idamamatira kwa Benedict XIII, ndipo France itamutaya, aphunzitsi ndi ophunzira a ku Scotland adaona kuti ku Paris kwawatenthera. Adabwerera kwawo, nayamba kuphunzitsa ku St Andrews mu 1410 mothandizidwa ndi bishopu Henry Wardlaw. Makalata a Papa ovomereza sukuluyo adalembedwa pa 28 Ogasiti 1413, ndipo atafika m'mwezi wa Febuluwale 1414 mabelu adalira, anthu nasonkha moto wachisangalalo m'misewu. Iyi ndiyo yunivesite yoyamba ya Scotland, ndipo mwa mayunivesite onse a maiko olankhula Chingerezi, aakulu kwa iyo ndi Oxford ndi Cambridge okha.

Moto wina udayaka m'misewu yomweyo, koma wosati wachisangalalo. Mu 1433 sing'anga wina wa ku Bohemia, Pavel Kravař, adatenthedwa pa msika chifukwa chophunzitsa maganizo a Jan Hus. Patapita zaka pafupifupi 100 kudabwera Patrick Hamilton, mnyamata wa zaka 24, wa banja lachifumu, amene adaphunzira ku Paris ndi ku Marburg natenga chiphunzitso cha Martin Luther, chakuti munthu amayesedwa wolungama mwa chikhulupiriro osati mwa ntchito zake. Adamuŵeruza pa 29 Febuluwale 1528, namutentha tsiku lomwelo pa khomo la koleji ya St Salvator. Moto sudayake bwino, ndipo mnyamatayo adazunzika kuyambira masana mpaka madzulo, maola asanu ndi limodzi, khamu la anthu likuonerera. Amene adamupha adafuna kuopseza ena, koma zotsatira zake zidali zina: anthu adayamba kufunsana kuti kodi chimene mnyamata uja adafera nchiyani. Akuti munthu wina adalangiza bishopu wamkulu kuti ngati adzatenthenso ena, azikawatenthera m'zipinda za pansi, chifukwa utsi wa Hamilton udapatsira nthenda yake aliyense amene udamufika.

Pamalo pamene iye adafera pali zilembo ziŵiri, PH, zoyalidwa ndi miyala m'njira. Ophunzira a lero amazilambalala mosamala, pokhulupirira kuti wozipondayo adzalephera mayeso, ndipo mankhwala ake akuti ndi kukadziponya m'nyanja yozizira ija mbandakucha wa pa 1 Meyi. Anthu ophunzira kwambiri nawonso ali ndi zoziletsa zawo.

Pa 1 Malichi 1546 mlaliki George Wishart adatenthedwa kunja kwa linga la bishopu, nyumba yolimba ya miyala yomangidwa pa phompho la m'mphepete mwa nyanja. Amene adamuŵeruzitsa ndi Kadinala David Beaton. Isanathe miyezi itatu, pa 29 Meyi, amuna ena a ku Fife adaloŵa m'lingalo m'mamaŵa pamodzi ndi amisiri amene adali kulikonza, napha Kadinalayo ndi malupanga, napachika mtembo wake pa khoma kuti tauni yonse iwuone. Kenaka adadzitsekera momwemo kwa nthaŵi yoposa chaka. Asilikali a boma, polephera kugumula khoma, adayamba kukumba una m'thanthwe kuti atulukire pansi pake. Am'kati adamva kugogoda kwa zitsulo, nayambanso kukumba una wawo, akutsata phokoso ndi makutu okha. Adasokera kangapo, koma potsiriza adaboola nakumana ndi adani awo pansi pa nthaka. Mauna aŵiriwo alipo mpaka lero: wa asilikali a boma ndi wotakata, wokumbidwa mosafulumira, pamene wa am'kati ndi wopapatiza ndi wokhotakhota, ntchito ya anthu amantha.

M'mwezi wa Epulo 1547 mphunzitsi wina adaloŵa m'lingalo pamodzi ndi ana amene adali kuwaphunzitsa. Dzina lake lidali John Knox, amene kale adali kuyenda ndi Wishart atanyamula lupanga lomutetezera. Anthu a m'lingamo atamupempha poyera kuti akhale mlaliki wawo, adagwetsa misozi nathaŵira m'chipinda, koma pambuyo pake adavomera. Mu Julayi zombo za nkhondo za ku France zidafika ndi mizinga, linga lidagonja, ndipo Knox adakhala miyezi 19 akupalasa nkhafi ngati kapolo m'zombo za Afalansa.

Womaliza kutenthedwa chifukwa cha chiphunzitso chatsopanocho adali Walter Myln, wansembe wokalamba wa zaka zoposa 80, mu 1558. Chaka chotsatira, mu Juni 1559, Knox adabweranso nakwera pa gome la tchalitchi cha Holy Trinity, ku South Street, nalalikira za Yesu akupirikitsa amalonda m'Kachisi. Omvera adamva chimene adatanthauza. M'masiku oŵerengeka maguwa, mafano ndi zokongoletsa zonse za m'tchalitchi chachikulu zidachotsedwa ndi kuphwanyidwa, ndipo mafupa aja a Andreya sadaonekenso. Mu 1560 nyumba ya malamulo ya Scotland idakana ulamuliro wa Papa. Khamu silidagwetse tchalitchicho tsiku limodzi monga ena amaganizira. Chidangosiyidwa. Denga lidagwa, ndipo kwa zaka zambiri aliyense wofuna kumanga nyumba adali kupita kumeneko ndi ngolo kukatenga miyala yosemasema. Ngakhale khoma la pa doko lili ndi miyala yochokera ku mabwinja a tchalitchi ndi a linga.

Pano ndiyenera kunena mawu amodzi, popeza pakati pa inu omvera pali Akatolika ndi Apulotesitanti omwe. Mbiriyi ilibe mbali imene idatuluka ndi manja oyera. Amene adali kulira abale awo otenthedwa, atatenga mphamvu adapha nawonso. Bishopu wamkulu John Hamilton adanyongedwa ku Stirling mu 1571. Amayi oganiziridwa ufiti adatenthedwa ku St Andrews pansi pa mpingo watsopano. Mu 1679 bishopu wamkulu James Sharp, amene adali Mpulotesitanti, adatulutsidwa m'ngolo yake pafupi ndi tauniyo naphedwa ndi Apulotesitanti anzake, mwana wake wamkazi akuona.

Chimene Sharp adafera ndi mkangano umene ukutikhudza ife kuno. Funso lidali lakuti: ndani alamulire mpingo? Mafumu adali kufuna mabishopu, popeza bishopu amasankhidwa ndi mfumu. Koma Andrew Melville, amene adakhala mkulu wa koleji ya St Mary ku St Andrews mu 1580, adaphunzitsa kuti abusa onse ndi ofanana, ndipo mpingo uyenera kuyendetsedwa ndi mabwalo a abusa pamodzi ndi akulu a mpingo. Mu 1596 adagwira mfumu James VI pa mkono wa malaya naikumbutsa kuti mumpingo wa Khristu iyo si mutu, koma chiŵalo chabe monga wina aliyense. Mfumu sidaiŵale. Melville adakhala zaka zinayi m'ndende ya Tower of London, nakafera ku France mu 1622. Koma maganizo ake adapambana mu 1690, ndipo ndiwo dongosolo limene amishoni a Livingstonia adabwera nalo kuno mu 1875, ndi a Blantyre mu 1876. Aŵiriwo adalumikizana mu 1924 kupanga mpingo wa CCAP, a Nkhoma naloŵamo mu 1926. Mukaona mbusa atakhala pansi ndi akulu a mpingo kuŵeruza nkhani ku Ekwendeni kapena ku Domasi, dziŵani kuti anthu adakanganirapo kwambiri za mpando umenewo m'misewu ya St Andrews.

Kwa tauniyo, kupambana kumeneku kudali umphaŵi. Mafupa adapita, alendo odzapembedza adaleka, mabishopu ndi chuma chawo adachoka. M'zaka za m'ma 1690 kudali ngakhale maganizo osamutsira yunivesite ku Perth. Mu 1747 makoleji aŵiri, St Salvator ndi St Leonard, adaphatikizidwa chifukwa chosoŵa ndalama. Mlembi wa ku England, Samuel Johnson, atafikako mu 1773 adapeza misewu ya zii ndi ophunzira pafupifupi 100 okha. Patapita zaka zina 100 chiŵerengerocho chidali chisanafikebe 200.

Tsopano titembenuke, tisiye bwinja kum'maŵa, tiyende mtunda wa kilomita imodzi kupita kumadzulo kwa tauniyo. Kumeneko miyala imatha, ndipo pamayamba malo a mchenga otsatana ndi nyanja, okhala ndi timapiri ndi timaenje, udzu waufupi ndi zitsamba zaminga. Eni dziko amawatcha malo otere links. Mbewu sizimerapo, choncho palibe amene adawalima. Adali malo a onse: odyetserapo nkhosa, oyanikapo zovala, oseŵererapo. Koma mchenga uli ndi ubwino wake. Madzi a mvula amaloŵa pansi msanga, matope sakhalapo, ndipo nkhosa ndi akalulu zimameta udzu popanda wozilipira. Pamalo otere mpamene padakulira maseŵera a gofu.

Kwa amene simudawaonepo, maseŵeraŵa ndi osavuta kuwafotokoza. Munthu amamenya kampira kolimba ndi ndodo yopindika kumutu, kuchokera pamalo oyambira mpaka kaloŵe m'kadzenje kotambalala mamilimita 108, kamene kangakhale pa mtunda wa mamita 100 kapena 500. Akatero amapita pa dzenje lotsatira. Wopambana ndi amene wamaliza maenje onse ndi kumenya kochepa. Zimamveka ngati za ana, koma mu 1457 nyumba ya malamulo ya mfumu James II idaletsa gofu pamodzi ndi mpira wa miyendo, chifukwa amuna adali kunyalanyaza kuphunzira uta ndi mivi pamene Angerezi adali pa malire. Lamulo likabwerezedwa, ndiye kuti anthu sakulimvera, ndipo ili lidabwerezedwa mu 1471 ndi mu 1491. Potsiriza mfumu James IV idadzigulira ndodo zakezake mu 1502.

Chikalata chakale chotchula gofu ku St Andrews ndi cha mu 1552. Bishopu wamkulu John Hamilton, yemwe uja adadzanyongedwa ku Stirling, adapatsidwa chilolezo choŵeta akalulu pamalowo, ndipo iye adatsimikiza m'chikalatacho kuti anthu a m'tauni ali ndi ufulu woseŵerapo gofu, mpira ndi maseŵera ena. Zambiri zimene mabishopu adamanga zidagwa, koma lonjezo ili lidakhala.

Mu 1754 amuna 22, eni malo ndi anthu ena olemekezeka a ku Fife, adapanga bungwe la oseŵera gofu, limene mu 1834 mfumu William IV idalipatsa dzina lakuti Royal and Ancient. Nthaŵi imeneyo oseŵera adali kumenya maenje 11 popita m'mbali mwa nyanja, ndi 11 pobwerera, onse pamodzi 22. Mu 1764 adaona kuti maenje anayi oyambirira ndi aafupi kwambiri, nawaphatikiza kukhala aŵiri. Popita adatsala 9, pobwerera 9. Palibe nzeru ina yozama imene idabala nambala ya 18 koposa imeneyi, koma lero bwalo lathunthu la gofu, kaya ku Tokyo, ku Johannesburg kapena ku Lilongwe, limakhala ndi maenje 18.

Malowo adatsala pang'ono kutayika. Mu 1797 khonsolo ya tauni, itamira m'ngongole, idagulitsa malo a onse aja, ndipo posakhalitsa adagwa m'manja mwa anthu oŵeta akalulu a malonda. Akalulu adakumba mauna ponseponse. Oseŵera gofu adapita ku khoti, ena nayamba kupha akaluluwo, ndipo mkanganowo udatenga zaka pafupifupi 20. Udatha mu 1821 pamene James Cheape, mwini malo woyandikana nawo amenenso adali wokonda gofu, adagula malo onsewo. Mu 1894 lamulo la nyumba ya malamulo lidawabwezera m'manja mwa tauni. Khonsolo ya mu 1797 idagulitsa chinthu chokhacho chimene chidadzadyetsa zidzukulu zake, ndipo idachita mwayi kuti wogula womaliza sadamange mpanda.

Komabe gofu adali maseŵera a olemera, ndipo chifukwa chake chidali kampirako. Mmisiri adali kusoka kachikopa, nakadzaza ndi nthenga zoŵiritsa zokwanira chipeŵa chachitali, akuzikanikiza ndi chitsulo chotsamira pa chifuwa. Pa tsiku adali kutha timipira titatu kapena tinayi, ndipo mvula ikatinyoŵetsa tidali kuphulika. Cha mu 1848 kudabwera kampira kopangidwa ndi utomoni wa mtengo wa ku Malaya, wotchedwa gutta-percha, kotsika mtengo ndi kosaopa madzi. Mmisiri wamkulu wa timipira ta nthenga ku St Andrews, Allan Robertson, adaona kuti ntchito yake yatha, ndipo atapeza wantchito wake Tom Morris akuseŵera ndi kampira katsopanoko adayambana naye mpaka kulekana. Koma kampirako sikadabwerere. Njanji nayo idafika mu 1852, ndipo alendo adayambanso kutsika ku St Andrews, ndodo zili pa phewa.

Tom Morris adapita ku Prestwick, kumene mpikisano waukulu wotchedwa Open udayambira mu 1860, ndipo adaupambana kanayi. Mu 1864 adabwerera kwawo kudzasamalira bwalo lakale lija, lotchedwa Old Course, ntchito imene adaigwira zaka pafupifupi 40. Adakulitsa njira, nadula zitsamba, ndipo mankhwala ake a udzu wodwala adali amodzi: kuthirapo mchenga. Mwana wake, Tom Morris wamng'ono, adaposa bambo wake. Adapambana Open mu 1868 ali ndi zaka 17, napambananso mu 1869, 1870 ndi 1872. Mu Seputembala 1875, akuseŵera pamodzi ndi bambo wake ku North Berwick, tsidya lina la Forth, kudafika uthenga wakuti mkazi wake wadwala pobereka. Adawoloka pa bwato, koma mayi ndi khanda adali atamwalira kale. Iye mwini adamwalira pa tsiku la Khirisimasi chaka chomwecho, ali ndi zaka 24, zaka zomwe zija za Patrick Hamilton. Adamuika m'manda a pa bwinja la tchalitchi chachikulu, ndipo pa mwala wake adasemapo chithunzi chake atagwira ndodo. Bambo wake adakhala mpaka 1908, nagona pafupi naye. Alendo ambiri amene amaloŵa pa bwinjapo lero amafunsa njira ya ku manda aŵiriŵa.

Kuyambira mu 1897 bungwe la Royal and Ancient lidatenga udindo wolemba malamulo a gofu. Mu 2004 udindowo udapatsidwa kwa bungwe lina lotuluka mwa ilo, lotchedwa The R&A, limene limayang'anira malamulowo pa dziko lonse kupatula United States ndi Mexico. Choncho mkangano wa oseŵera aŵiri pa bwalo la ku Limbe kapena ku Zomba umathetsedwa ndi buku lochokera ku St Andrews. Mpikisano wa Open udachitikira pa Old Course koyamba mu 1873, ndipo pofika mu 2022 udali utachitikirapo maulendo 30. Bobby Locke wa ku South Africa adapambanirapo mu 1957, Jack Nicklaus mu 1970 ndi 1978, Tiger Woods mu 2000 ndi 2005, ndi Louis Oosthuizen, wa ku South Africa nayenso, mu 2010. Chimodzi sichikometsa mbiri ya bungwe lakale lija: amayi a m'tauniyo adali ndi kabwalo kawo kuyambira mu 1867, koma Royal and Ancient idadikira mpaka 2014, zaka 260, kuti ivomere mkazi kukhala membala.

Yunivesite idadzuka pamodzi ndi tauni. Idayamba kulandira akazi mu 1892, ndipo lero ili ndi ophunzira oposa 10,000, ambiri mwa iwo ochokera kunja kwa Scotland. Amadziŵika ndi mikanjo yawo yofiira, imene amavala poyenda pa khoma la pa doko tsiku la Sabata. John Napier, amene adatulukira masamu a logarithm aja ovutitsa ana a sekondale, adaloŵa sukuluyi mu 1563. Sir James Black, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 1988 chifukwa cha mankhwala a mtima ndi a zilonda za m'mimba, adamaliza maphunziro ake a udokotala pansi pa yunivesiteyi mu 1946. Prince William adaphunzirako kuyambira 2001 mpaka 2005, ndipo kumeneko nkumene adadziŵana ndi Catherine Middleton. Kudalira alendo kuli ndi mtengo wake: ophunzira ndi olemera a gofu adakweza mitengo ya nyumba, kotero kuti ambiri ogwira ntchito m'mahotela ndi m'masitolo a m'tauniyo amagona m'midzi ina.

Chodabwitsa nchakuti Old Course si ya bungwe la Royal and Ancient, ngakhale nyumba yake yaikulu idamangidwa pamutu penipeni pa bwalolo. Ndi malo a anthu onse, osungidwa ndi bungwe la St Andrews Links Trust, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1974. Aliyense wosonyeza kuti amadziŵa kuseŵera angathe kupempha malo, ndipo malo ambiri amagaŵidwa mwa maere masiku aŵiri tsikulo lisanafike. Mlendo amalipira ndalama zambiri. Mwini mudzi amalipira zochepa pa chaka chonse. Pakati pa dzenje loyamba ndi lomaliza pamadutsa msewu wa aliyense wopita ku nyanja, ndipo woseŵera, kaya ndi wolemera chotani, amadikira kuti oyenda pansi adutse.

Tsiku la Sabata, kupatula pa mipikisano ikuluikulu yoŵerengeka, pa Old Course saseŵerapo. Mwambowu udachokera ku mpingo wolimba wa masiku a Knox ndi Melville, ndipo akuti Tom Morris wamkulu adali kuuza odandaula kuti ngati iwo safuna kupuma, bwalo likufuna. Tsikulo mabanja a m'tauni amayenda pa udzupo ndi ana awo ndi agalu awo, ena amayala nsalu nkudya, ndipo alendo amaima pa mzere kuti ajambulitse pa kamlatho ka miyala kowoloka kamtsinje ka Swilcan, kamene abusa akale adali kuwolotserapo nkhosa.